Kuti itsike, iyambe yakwera

Ine si makaniko. Ndiyambe ndavomera zimenezi, chifukwa tsiku limene ndikufuna kukusimbirani ndinali nditaiwala. Ntchito yanga ndi yokhala pampando, koma ndili ndi matenda aja amene amagwira amuna ambiri akangokhala ndi galimoto ndi masipanala atatu: kuganiza kuti zonse zimene amakaniko amachita nafenso tikhoza, kungoti zipangizo tilibe.

Ndiye ndinagula chipangizo. Chokwezera galimoto chonyamulika, chija chokhala ndi zitsulo ziwiri zazitali zimene umazilowetsa kunsi kwa galimoto, china kumanja china kumanzere, n'kuzilumikiza ndi mapaipi ku kapampu koyendera magetsi. Ukadina batani, kapampuko kamakankha mafuta m'mapaipi, zitsulo zija zimadzuka, galimoto n'kukwera matayala onse anayi ali lendelende. Chikagona pansi chimangokhuthala masentimita 8. Chikadzuka chimafika cha m'ma 55. Pa katoni analemba kuti chimanyamula makilogalamu opitirira 2,000, pomwe kagalimoto kanga sikafika n'komwe 1,300. Pokoka chitsulo choyamba ndinamva msana ukundifunsa kuti mawu akuti "chonyamulika" aja analemba ndani, ndipo iyeyo anachinyamulapo liti.

Galaja yathu ndi yaing'ono. Galimoto ikalowa, ine ndimatuluka cham'mbali nditakoka mimba. Kumbuyo kwa galimoto kuli chitseko chachikulu chokankhira m'mwamba, chimene chikatseguka chimakagona kunsi kwa siling'i. Kutsogolo kuli kachitseko kolowera m'nyumba, kotsegukira mkati mwa galajamo. Chakumbali kuli kazenera koti mphaka wonenepa angaganize kawiri asanadutsepo. Zonsezi ndinayeza ndi tepi, m'litali ndi m'lifupi, manambala n'kulemba pa khoma ndi pensulo ngati injiniya. Kumwamba kokha sindinayeze. Munthu wagula chinthu chimene ntchito yake ndi kupititsa galimoto kumwamba, koma osakweza maso.

M'katonimo munali kabuku ka malangizo. Mwana wanga wa zaka 9 anakatola.

"Adadi, simuwerenga?"

"Iwe, zimenezi amalembera anthu osadziwa," ndinatero, n'kukayala pansi kuti oyilo akadontha asadetse simenti.

Ntchito yake inali yochepa: kusintha oyilo wa mu injini basi. Ndinaliza injini kwa mphindi zingapo chitseko chachikulu chili chotsegula, poti oyilo wofunda amatuluka msanga, komanso utsi wa galimoto m'chipinda chotseka umapha mwakachetechete. Pamenepa pokha ndiyamikireni. Nditazimitsa injini ndinatseka chitsekocho, kuopa kuti anthu odutsa angayambe kundipatsa nzeru. Ndinalowetsa zitsulo zija, ndinaika timalabala take pamalo olimba a m'mphepete mwa galimoto pamene pamayenera kugwira jeke, n'kudina batani.

Mbali yakumanzere inadzuka. Yakumanja inati zii. Galimoto inapendekeka ngati munthu amene wamva nkhani yokayikitsa, ndipo mtima wanga unapita kukhosi. Ndinaitsitsa msangamsanga. Vuto lake ndinalizindikira: m'mapaipi atsopano mumakhala mpweya. Mafuta sapanikizika, ukawakankha uku amakankha uko, pamene mpweya umangofinyika ngati siponji, ndiye mbali imene ili ndi mpweya imatsalira. Ndinamasula kabawuti ka pa silinda pang'ono, kunamveka psiii, kenako mafuta oyera. Ndinapezerapo mwayi wophunzitsa mwana za Blaise Pascal, Mfalansa wa zaka za m'ma 1600 amene anafotokoza m'mene mphamvu imayendera m'zamadzimadzi zotsekeredwa. Mwanayo anamvetsera mwaulemu, kenako anati akukamwa madzi. Anatulukira pa kachitseko kaja. Ndiye munthu womaliza kudutsa pakhomo limenelo tsiku limenelo dzuwa lisanapendeke.

Ulendo wachiwiri zonse zinayenda bwino. Galimoto inakwera mowongoka, timaloko tachitetezo tinalira kuti gwa, gwa, ine n'kuitsitsa pang'ono kuti ikhazikike pa maloko m'malo motsamira mafuta okha. Ndinaigwedeza ndi manja awiri, osasuntha. Abale, kunyada kumene ndinanyada! Ndinaima manja ali m'chiuno, ndikulakalaka chitseko chija ndikanachisiya chotsegula.

Chimene sindinaone n'chakuti zokwezera zamtunduwu sizikwera chilili ngati chikepe. Zitsulo zake zimadzuka mopendama, choncho galimoto ikamakwera imasendereranso mbali imodzi. Yanga inasendera kutsogolo pafupifupi masentimita 30, bampala n'kukaima maso ndi maso ndi kachitseko ka m'nyumba.

Ndinagona chagada pa katoni, n'kudzikoka mpaka kunsi kwa injini. Kunena zoona, kumeneko n'kosangalatsa. Amene anazolowera kukwawa kunsi kwa galimoto ili pa kajeke kamodzi, mphuno ikukhudza chitsulo, akudziwa chimene ndikunena. Apa zigongono zimatambasuka, tochi imaunika paliponse. Ndinaika beseni, ndinamasula bawuti yotsekera oyilo, ndipo poopa kuti ingagwere m'beseni, ndinaipukuta bwinobwino n'kuiika m'thumba la ovolosi. Mukumbukire thumba limeneli.

Oyilo anayamba kutuluka modukizadukiza, akulira ngati botolo lozondotsa. Ndinakumbukira kuti ukatsegula chivindikiro cha pamwamba pa injini, mpweya umalowa ndipo oyilo amatsika bwino. Ntchito imeneyi amachita galimoto isanakwere. Ine ndinatenga kampando, ndinakwera chakumbali, ndinakoka boneti ndi mphamvu za munthu wodziwa ntchito yake.

Phwaa!

Boneti inali itapeza babu. Magalasi anawazika, magetsi a m'galaja monse anathima, ndipo ine, m'malo motsitsa bonetiyo ngati munthu wanzeru, ndinaikankhabe mpaka bolodi la siling'i linapindika, n'kulowetsa kachitsulo kochirikiza kaja m'bowo mwake. Nditasiya, siling'i inabwerera, n'kupanikiza boneti kuti gwa. Mumdimamo ndinafufuza chivindikiro, ndinachitsegula. Oyilo anathamangadi bwino kwambiri. Injini yanga imalowa malita 4. Beseni ndinatenga lija, ndinadziwa tsiku lomwelo, limadzaza ndi malita atatu.

Potsika pakampando ndinaponda lita yotsalayo. Za m'mene ndinagwera sindifotokoza, chifukwa panalibe mboni, koma phokoso lake linabweretsa mayi a kunyumba. Anakankha kachitseko, kanatseguka malo ongokwana dzanja, n'kugunda bampala.

"Inu abambo, muli moyo?"

"Ndili bwino, mayi. Ntchito ikuyenda."

"Nanga chitseko mwatsekeranji ndi galimoto?"

"Ndi mmene zimakhalira."

Ndinapita ku chitseko chachikulu kuti ndilowetse kuwala. Chinakwera pang'ono n'kugunda denga la galimoto, limene tsopano linali m'njira yake. Ndinaima mumdima, oyilo akutsika m'khosi mwa ovolosi, ndikuwerenga makomo. Awiri. Onse otsekedwa ndi galimoto yanga, imene ndinaikweza ndekha, ndi ndalama zanga.

Mayi anazungulira n'kudzaonekera pazenera. Anandiunika ndi tochi ya pafoni kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osafulumira.

"Safunsa anadya phula," anatero. "Koma inu mwasamba."

Ndinawapempha kuti akakweze swichi yaikulu ya magetsi imene inagwa. Anapita, ine nditazimitsa kaye swichi ya babu losweka lija, ndipo kapampu kanadzukanso. Ndinadina batani lotsitsa. Palibe chinachitika. Ndinadinanso, mwamphamvu, ngati batani limamva ukali. Zii. Mpamene ndinakumbukira kuti galimoto yakhala pa maloko, ndipo maloko amenewa anawapanga dala kuti asamasuke katundu ali pamwamba pake. Kuti itsike, iyambe yakwera pang'ono, loko apepukidwe, umuchotse. Koma kukwera kunalibe malo, poti boneti inali itakakamira ku siling'i. Chabwino, titseke boneti. Koma kuti kachitsulo kochirikiza kachoke m'bowo mwake, boneti nayonso iyambe yakwera pang'ono. Chilichonse m'galaja imeneyo chinkafuna kukwera chisanatsike, kupatula ulemu wanga, umene unkangotsika osavuta.

Apa mpamene anafika alamu anga, achimwene awo a mayi. Sindikudziwa anawaitana ndani, ngakhale ndikukayikira. Alamu ndi munthu amene sanayambe wasowapo yankho, ndipo sanayambenso wafunsidwapo. Analowetsa mutu pazenera, mapewa n'kukana.

"Alamu, nkhani yaing'ono iyi. Lole ikakanirira pansi pa mlatho amatani? Amaphwetsa matayala. Phwetsani onse anayi, itsika yokha."

Ndikupempha kuti musandiweruze msanga. Ndinali nditakhala mumdima ola lathunthu, nditamenyetsa mutu, ndipo mawuwo ananenedwa ndi chikhulupiriro chachikulu. Ndinatenga kamsomali, ndinazungulira galimoto ndikutsetsereka, tayala ndi tayala, psiii, psiii, mpaka onse anayi anaphwa. Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione kutsika kwake.

"Adadi," anatero mwana uja, ataima pa ndowa kuseri kwa amalume ake, "matayalawo sakugunda pansi."

Kunakhala chete. Alamu anakhosomola.

"Eya, ndimafuna tione kaye ngati vuto lili kumeneko," anatero. "Tsopano tadziwa kuti kulibe."

Mwanayo anapempha kabuku kaja. Ndinakatola m'thamanda la oyilo ndi zala ziwiri, n'kukapereka pazenera. Masamba ambiri anali atamatirirana, koma limodzi linkawerengeka, ndipo anawerenga mokweza ndi mawu a m'kalasi, kuti aliyense amve: onetsetsani kuti pamwamba pa galimoto pali malo okwanira, kumbukirani kuti galimoto imasendera pokwera, siyani mpata kutsogolo ndi kumbuyo. Panalinso chithunzi cha kamunthu kakuyeza kuchokera padenga la galimoto kufika ku siling'i. Kamunthuko kankaoneka kosangalala.

Amene anatipulumutsa ndi mayi. Anaunika kumwamba, n'kuona pamene bolodi linang'aluka.

"Siling'iyo mwaiphwanya kale. Imalizeni. Boneti ipeze popumira."

Ndinayamba kufotokoza kuti nkhani za umisiri sizichitika choncho, koma hamala inali italowa kale pazenera, chogwirira chili kwa ine. Ndinakweranso pakampando, ndinagogoda siling'i ya nyumba yanga yomwe mozungulira nsonga ya boneti mpaka panatseguka bowo lokwana mutu wa munthu. Fumbi loyera linandithira pankhope, n'kumata pa oyilo. Boneti inakwera masentimita awiri amene inkafuna, kachitsulo kanachoka, ndipo inatsekeka ndi kaphokoso kaulemu ngati sinalakwepo. Ndinadina lokweza, ndinachotsa maloko mbali zonse ziwiri, ndinadina lotsitsa. Galimoto inatsika pang'onopang'ono, ikubwerera m'mbuyo, kachitseko n'kumasuka. Kunja anaomba m'manja. Alamu anati ndi zimene ankafuna kunena poyamba.

Koma galimoto ya matayala akuphwa imakhala pansi kwambiri. Inatsika n'kudzakhalira zitsulo zija, timalabala tili chipanikizire. Ndinakoka chakumanja, osasuntha. Ndinakoka chakumanzere, ndinangotsetsereka n'kukhala pansi. Ndinafunsa za pampu yanga yopopera matayala, ija yopondaponda.

"Ija munandibwereka chaka chatha?" anatero alamu. "Ilipo. Kungoti paipi yake inaduka. Ndimati ndikuuzeni."

Ndinaganiza zoti ndimalize ngakhale chimodzi, tsikulo lisapite pachabe. Boneti tsopano inkatseguka bwinobwino, ndi malo otsala. Ndinatenga chigubu cha oyilo watsopano, woyera ngati uchi, ndinathira mosamala kudzera pa fanulo, osadonthetsa ngakhale kadontho, banja lonse likuonerera pakhomo. Malita onse anayi. Ndinatseka chivindikiro, ndinapukuta manja. Ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo kuti ndiwaonetse mmene akatswiri amachitira. Kanatuluka kouma.

"Adadi, kunsiku kukutuluka chinachake."

Ndinapisa dzanja m'thumba kufuna kansalu, ndipo zala zinakhudza bawuti, yoyera bwino, yosungika monga ndinafunira.

Kunsi kwa galimoto tsopano sikukanalowa ngakhale mkono. Njira yobwezera bawutiyo inali imodzi yokha, ndipo tonse tinaiona nthawi imodzi. Ndinatola batani lija. Alamu anakumbukira mwadzidzidzi kuti akudikiridwa kwina. Mayi anakokera mwana m'nyumba, anaima pakhomo dzanja lili pa chitseko, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu koyera mpaka kumapazi akuda.

"Musanadine, abambo," anatero, "bulangete ndikupatsireni pompano, kapena pazenera?"