Paki imene sinaoneke pa mapu anga

Teremu yapitayi tinapatsidwa ntchito imene poyamba ndinaiona ngati yophweka. Aliyense anayenera kusankha mzinda umene angathe kuuyendera, kutenga zithunzi zimene anthu anaika pa Flickr (tsamba la mchezo la pa intaneti loikapo zithunzi) zokhala ndi chizindikiro cha malo amene zinajambulidwira, kuziika pa mapu, kenako n'kunena mapaki amene anthu a mumzindamo amawakonda kwambiri. Ndinakhala pa kompyuta masiku awiri. Mapu atatuluka mtima unakhala m'malo, chifukwa yankho linkaoneka lokha: paki yaikulu ya pakati pa mzinda inadzaza ndi timadontho tofiira, pamene timapaki ta m'mbali, kumene kumakhala anthu ambiri, tina tinali ndi timadontho tiwiri, tina tinalibiretu.

Ndinalemba m'lipoti loyamba kuti anthu amakonda paki yaikulu ija, ndipo timapaki tinato alibe nato ntchito. Pepala litabwerako, aphunzitsi anali atalemba mawu atatu okha m'mphepete: "Anthu ake ati?"

Ndiyambe ndi chifukwa chimene ofufuza anatembenukira ku masamba a mchezo, poti si ulesi. Malo osungirako nyama zakutchire amakhala ndi chipata ndi matikiti, choncho kuwerenga alendo n'kotheka. Paki ya mumzinda ilibe zimenezo. Munthu amalowera uku n'kutulukira uko, wina amangodutsa, wina amaswera momwemo. Kuti khonsolo ya mzinda idziwe chiwerengero cha anthu obwera, imayenera kulemba ntchito anthu oima ndi mapepala kapena kugula makina owerengera, ndipo m'mizinda ya mapaki mazanamazana ndalama zake sizipezeka. M'chaka cha 2013, Spencer Wood ndi anzake anayerekeza zithunzi za pa Flickr ndi ziwerengero zenizeni za alendo pa malo 836 a m'maiko osiyanasiyana, ndipo anapeza kuti kumene kumapita anthu ambiri n'kumenenso kumachokera zithunzi zambiri. Kuyambira pamenepo njirayi inafala, popeza zithunzizo zinalipo kale ndipo zinkatengedwa ulere.

Kafukufuku ameneyu ndi amene anandionetsa cholakwa changa choyamba. Ine ndinkawerenga zithunzi, pamene iwo ankawerenga munthu mmodzi kamodzi pa tsiku, ngakhale atajambula kangati. Nditabwerera ku zithunzi zanga, ndinapeza kuti mbali ina ya paki yaikulu, pafupi ndi dziwe, inafiira chifukwa cha munthu mmodzi wokonda mbalame amene ankaika zithunzi zochuluka zedi nthawi imodzi. Nditakonza kawerengedwe, kufiira kuja kunachepa ndithu. Koma timapaki ta m'mbali tinakhalabe topanda kanthu.

Kenako ndinawerenga za New York. M'chaka cha 2018, Zoé Hamstead ndi anzake anaunika mapaki 2,143 a mumzindawo pogwiritsa ntchito Flickr ndi Twitter. Anapeza kuti mauthenga ndi zithunzi zimachuluka m'mapaki okhala ndi madzi, mabwalo a masewera ndi malo owakidwa, komanso amene ali pafupi ndi pokwerera basi kapena sitima ndi misewu ya njinga. Chodabwitsa chinali chakuti kuchuluka kwa malo obiriwira sikunkakopa mauthenga, m'malo mwake kunkayenderana ndi kuchepa kwa mauthengawo. Anapezanso kuti mapaki a m'madera okhala anthu a mitundu imene ili yochepa m'dzikolo ankatchulidwa mochepa. Apa ndinaima nthawi yaitali. Zimenezi zikhoza kutanthauza kuti mapaki a m'madera amenewo ndi ovuta kufikako kapena ndi osasamalidwa, ndipo ofufuzawo anaitchula mfundoyi. Zikhozanso kutanthauza kuti anthu amapitako ndithu, kungoti saika zithunzi pa Flickr. Matanthauzo awiriwa amafuna zochita zosiyana kotheratu, koma pa mapu amaoneka chimodzimodzi: malo opanda kadontho.

Nanga amene amaika mauthengawo ndani? Bungwe la Pew Research Center linapeza m'chaka cha 2019 kuti ku America, akuluakulu 22 okha pa 100 alionse ndi amene ankagwiritsa ntchito Twitter, ndipo mwa iwowo, gulu la anthu 10 pa 100 ndi limene linkalemba mauthenga 80 pa 100. Pa mauthenga onsewo, ochepa kwambiri ndi amene ankasonyeza malo enieni amene munthu ali. Tsono mukamaona mapu a Twitter, mukuona kagulu ka m'kagulu ka m'kagulu. Ana osafika zaka 13 saloledwa n'komwe kutsegula akaunti pa masamba ambiri, pamene anawo ndi amene amathamanga m'paki kuposa wina aliyense. Ndipo zolinga za chitukuko zimene maiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana m'chaka cha 2015 zili ndi mfundo, nambala 11.7, yonena kuti pofika 2030 aliyense azitha kufika pa malo obiriwira otetezeka, makamaka amayi, ana, okalamba ndi anthu olumala. Nditaika mndandanda umenewu pambali pa mapu anga, ndinaona kuti ana ndi okalamba, amene tinalonjeza kuwaganizira poyamba, ndi amene njira yanga sinkawaona.

Loweruka lina ndinatseka kompyuta n'kupita ku kapaki kamodzi mwa tija topanda kadontho. Ndinanyamula kope ndi cholembera basi. Njira yokhala pansi n'kumaona si yachilendo: William H. Whyte ankachita zimenezi ku New York m'zaka za m'ma 1970, akuika makamera pamwamba pa nyumba kuti aone mmene anthu amakhalira m'mabwalo a mumzinda, ndipo kuyambira 2006 pali ndondomeko yotchedwa SOPARC imene ofufuza amatsatira powerenga anthu m'paki, kuwagawa malinga ndi msinkhu ndi zimene akuchita. Ine ndinangotengako pang'ono. Ndinagawa kapakiko m'zigawo zinayi ndipo pakatha mphindi zingapo ndinkayendetsa maso kuchokera kumanzere kupita kumanja n'kulemba.

Ola loyamba ndinkangoona ngati palibe chikuchitika. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pang'onopang'ono malo aja anayamba kulankhula. Pansi pa mtengo waukulu panali madoda atatu amene, poona mmene anakhalira, ndinadziwa kuti aliyense ali ndi mbali yake ya benchi. Mayi wina anatsitsa mwana n'kumamuphunzitsa kuyenda pa udzu, poti akagwa apo sapweteka. Dzuwa litafika pa liwombo anabwera anthu ovala zovala za ntchito, n'kugona chagada mumthunzi, nsapato atavula. Mtsikana wina ankawerenga zolemba za kusukulu akuyendayenda. Kumapeto kwenikweni kunali bambo wina yekhayekha, atagwira kumutu, ndipo sanasunthe kwa nthawi yaitali. Sindinamuyandikire. Anthu ambiri anali ndi mafoni m'manja, koma tsiku lonselo sindinaone wina akujambula malowo.

Madzulo ndinapita kukapereka moni kwa madoda aja. Ndinafunsa wamkulu mwa iwo kuti, "Agogo, mumabwera kuno kawirikawiri?" Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachilendo. "Mwanawe, tsiku limene sindinabwere, anzangawa amatuma mwana kunyumba kukaona ngati ndadzuka bwino."

Pobwerera ndinkaganizira za yankho limeneli. Munthu amajambula chimene chamudabwitsa, chimene akufuna kuonetsa anzake, malo amene mwina sadzafikakonso. Palibe amene amajambula khomo la nyumba yake tsiku ndi tsiku, koma khomolo ndi lofunika kwa iye kuposa malo onse okongola amene anawajambulapo. Ndinazindikira kuti m'lipoti langa ndinasakaniza zinthu zitatu zosiyana: kufika pamalo, kusirira malo, ndi kudalira malo. Masamba a mchezo amaonetsa bwino kusirira. Kufika amakuonetsa pang'ono. Kudalira, monga mmene agogo aja amadalirira benchi yawo, sikusiya chizindikiro chilichonse pa intaneti.

Vutoli limakula tikafika poika mtengo wa ndalama pa paki. M'chaka cha 1947, katswiri wa zachuma Harold Hotelling analembera kalata nthambi yoyang'anira mapaki a dziko la America, n'kupereka ganizo lakuti kufunika kwa malo kungayezedwe poona ndalama ndi nthawi imene anthu amawononga kuti akafikeko. Masiku ano ofufuza amatha kuyerekeza kumene munthu amakhala poona malo amene amajambulako kawirikawiri, kenako n'kuwerengera mtunda umene anayenda. Ndi nzeru yabwino pa malo akutali monga nyanja ndi mapiri. Koma pa kapaki ka pafupi ndi nyumba, munthu amene amayenda wapansi mphindi zisanu tsiku lililonse amaoneka ngati sawononga kanthu, choncho kuwerengerako kumamuika pansi pa mlendo amene anabwera pa ndege n'kukhalapo theka la ola. Ndipo khonsolo ikatsatira mapu otere pogawa ndalama, paki yofiira ija imalandira magetsi ndi maluwa atsopano, imajambulidwa koposa kale, chaka chamawa n'kufiira kwambiri. Kapaki ka agogo aja kakhoza kuoneka ngati malo ongokhala, oyenera kumangapo china.

Sindikunena kuti njirayi ndi yachabe, ndipo pali kafukufuku wina amene ndinamukonda kwambiri. Ofufuza a ku yunivesite ya Vermont, motsogozedwa ndi Aaron Schwartz, anatulutsa zotsatira m'chaka cha 2019 atawunika mauthenga a pa Twitter a anthu ofika m'mapaki a ku San Francisco. Anagwiritsa ntchito mndandanda wa mawu oposa 10,000 amene anthu anawapatsa manambala kuyambira 1 mpaka 9 potengera chisangalalo chimene liwu lililonse limanyamula. Anapeza kuti munthu akakhala m'paki amalemba mawu achimwemwe kuposa asanalowemo, kuti kusiyanako n'kofanana ndi kumene kumaoneka pa Twitter pa tsiku la Khirisimasi, ndiponso kuti chimwemwecho chimapitirira kwa maola angapo atatulukamo. Mawu okana ankachepa. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti ankayerekeza munthu ndi iye mwini, asanalowe ndi atalowa, osati gulu ili ndi gulu lina. Funso lotere masamba a mchezo angaliyankhe bwino kuposa mapepala a mafunso, poti munthu ukamufunsa za dzulo amakhala ataiwala mmene ankamvera.

Komabe kuwerenga mawu limodzilimodzi kuli ndi msampha wake. Ife timati malo ndi "okongola zoopsa". Makina owerenga liwu lililonse palokha angaone "zoopsa" n'kulemba kuti munthuyo wachita mantha.

Nthawi ya Covid-19 njirayi inaonetsanso mphamvu yake. Ku Oslo, Zander Venter ndi anzake anagwiritsa ntchito Strava, imene anthu othamanga ndi opalasa njinga amalembera maulendo awo, ndipo anapeza kuti m'nyengo yoletsa kusonkhana ya 2020 maulendo opita kukapitidwa mphepo panja anakwera ndi 291 pa 100. Panthawi imeneyo sikukanatheka kutumiza anthu kukaima m'njira ndi mapepala. Ofufuza a ku yunivesite ya Helsinki nawo, m'chaka cha 2017, anayerekeza Instagram, Twitter ndi Flickr ndi ziwerengero za pa chipata m'malo otetezedwa 56 a ku Finland ndi South Africa. Instagram ndi imene inayandikira kwambiri ziwerengero zenizeni, koma kugwirizanako kunali kolimba m'malo otchuka ndi kofooka m'malo ofikako anthu ochepa. Zimenezi zinagwirizana ndendende ndi zimene ndinaona: pamene pali anthu ambiri ojambula, mapu amanena zoona, ndipo pamene palibe ojambula, mapu amangokhala chete.

Pali chinanso chimene chinandisowetsa mtendere. Nditatsata zithunzi za munthu wokonda mbalame uja kuti ndikonze kawerengedwe, ndinadzidzimuka kuona kuti ndikutha kudziwa dera limene amakhala, masiku amene amapita ku dziwe ndi nthawi yake. Iye anaika zithunzizo kuti anzake aone mbalame, osati kuti wophunzira wosamudziwa azilondola mayendedwe ake. Mu Januwale 2018 dziko linaona kukula kwa nkhaniyi, pamene mapu a Strava anaulula malo a misasa ya asilikali chifukwa cha asilikali othamanga atavala mawotchi olemba njira. Tsiku limene ndinazindikira za munthu wa mbalame uja ndinafufuta maina onse m'deta yanga n'kusiya manambala okha. Makomo otengera deta nawo akhala akutsekeka: Instagram inachepetsa mwayi umenewu mu 2016 ndi 2018, Twitter inachotsa njira yoikira malo enieni pa mauthenga ambiri mu 2019, ndipo mu 2023 inasiya kupereka deta yaulere imene ofufuza ankadalira. Kafukufuku ngati wa ku San Francisco uja ndi wovuta kumubwereza lero.

Lipoti lomaliza ndinalilemba mwatsopano. Mapu ofiira aja ndinawasiyamo m'lipotimo, koma ndinasintha mutu wake kuti ukhale wonena za malo amene anthu a pa Flickr amajambula. Pa timapaki topanda kadontho ndinachotsa mawu akuti "anthu safikako" n'kulemba kuti "palibe zithunzi". Pambali pake ndinaika tsamba la m'kope langa la Loweruka lija, ndi zigawo zake zinayi ndi mizere yowerengera anthu. Teremu ikubwerayi ndikufuna kukakhala m'timapaki tina titatu, m'mamawa ndi madzulo, pakati pa sabata ndi kumapeto kwake. Ku kapaki koyamba kaja ndidzabwererako Lachitatu, poti agogo anati ndi tsiku limene pa benchi pamakhala malo.