Fanta ija inali ya m'tambula imodzi yokha

Amene mukufalitsa pa WhatsApp kuti ndinathira Fanta m'botolo lonse la alamu anga, mukunama. Inali tambula imodzi, yanganso.

Alamuwo anachokera ku Glasgow ndi Lagavulin ya zaka 16, wisiki wa ku Scotland, ataikulunga m'masokosi ngati dzira. Anandithirira kapang'ono pansi pa tambula, koti nyerere n'kuwoloka osanyowa mawondo. Nditanunkhiza, abale inu, utsi! Ngati bulangete la munthu wogona m'khitchini ya nkhuni, kuphatikizapo kafungo ka kuchipatala. Mumtima ndinati alamu awagulitsa mowa wowonongeka, koma mwana woleredwa bwino sanyoza za mlendo. Ndinangotambasula dzanja mwaulemu, n'kutenga Fanta ya mwana wawo, khuthu!

M'nyumba monse zii. Ngakhale galu panja anasiya kuuwa. Alamu anayang'ana tambula ija, thovu lachikasu likuphulika limodzilimodzi, ndipo ndikulumbira, analidikira lonse mpaka lomaliza. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso, kuyang'ananso. Fanta inalipobe.

"Alamu," anatero ndi mawu a pamaliro, "mowa uwu unalowa mumgolo mwana wanu woyamba asanabadwe."

Kenako ulaliki. Akuti utsiwo ngwadala: pachilumba cha Islay ku Scotland amaumitsa chimera cha barele ndi utsi wa peat, dothi lakuda la m'madambo lomwe likauma limayaka ngati nkhuni. Akuti mowawu ndi single malt, ndiye kuti chimera cha barele chokhachokha, chotchezedwa pamalo amodzi, ndipo chololedwa kuthiramo ndi timadontho ta madzi basi. Apa ndiye ndinapeza pogwira. Chimera? Agogo anga ankathira shuga m'thobwa moyo wawo wonse, palibe anawatengera kwa amfumu. Komanso munthu ukamapatsa mnzako chinthu chonunkha ngati nyumba yapsa, umayamba wachenjeza.

Achemwali anandimvera chisoni, n'kutulutsa botolo lina, Drambuie. "Achimwene, inu a zotsekemera imwani iyi, muli uchi." Eeh, iyi ndiye inali mbale wanga. Wisiki yemweyo wa ku Scotland, koma wosakaniza ndi uchi ndi zitsamba, wotsetsereka pakhosi ngati Sobo. Palibe anandiuza kuti mphamvu yake ndi 40 peresenti. Inde, zinalembedwa pabotolo, koma amawerenga botolo ndani uchi uli pakamwa? Nditamaliza tambula yachitatu ndinafuna kuimirira kuti ndithokoze, miyendo n'kundiuza kuti yaweruka kale. Zoti ndinapepesa kwa botolo la Lagavulin nditagwada, zimenezo sindikuzikumbuka, choncho sizikuwerengedwa.

Ndinadzuka m'mawa pamkeka, nsapato imodzi kuphazi, ina pawindo. Tambula ya Fanta ija alamu anaisiya patebulo ngati umboni wa kukhoti. Ndinailawa. Sinali yoipa kwenikweni.

Mwana uja mpaka pano akundilonjerera Fanta yake.