Momwe banki inabwerera kudzatithandiza kudzala mitengo m'phiri la kwathu

Anthu akhala akundifunsa kuti komiti yathu inachita bwanji kuti banki ifike mpaka kumudzi ndi thandizo, ndiye ndangoti ndilembe kamodzi aliyense adziwerengere. Ine ndine mlembi wa komiti yoona zachilengedwe m'mudzi mwathu ku Chiradzulu, ija a zankhalango amaitchula kuti VNRMC. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukwirira minda ndi nyumba, tinaika maliro ambiri m'boma lino, ndiye tinagwirizana kuti malo onse omwe anapululuka ndi makala tiwabwezeretse mitengo. Manja tinali nawo koma ndalama ayi.

Musathamangire kulemba kalata musanadziwe kuti bankiyo imaika ndalama zake pati. Mabanki omwe ali pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange monga National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS Bank ndi FDH Bank amatulutsa lipoti chaka chilichonse, ndipo mkatimo mumakhala gawo lofotokoza zomwe achitira anthu, amazitcha CSR. Mnyamata wina wa m'komiti anatsitsa malipotiwo pa intaneti tinawerenga pa foni yake, n'kusankha banki imodzi yomwe imakamba kwambiri za chilengedwe, dzina sinditchula.

Ku bulanchi a manijala anandiuza mosabisa kuti "Mayi, ndalama zimenezi sizituluka pano, zimachokera ku likulu, koma bweretsani mapepala ndiwatumize ndine." Mapepalawo ndiye ntchito yeniyeni. Anafuna malamulo a komiti olembedwa, maminitsi a msonkhano womwe tinagwirizana zopempha thandizo, kalata ya a gulupu yokhala ndi chidindo yotsimikiza kuti malowo ndi nkhalango ya mudzi ndipo palibe mkangano, kalata ya ofesi ya zankhalango ya paboma, komanso akaunti ya gulu yokhala ndi osayinira atatu aliyense ndi chiphaso chake cha unzika. Kalata ya malo ija musaitenge mwachibwana, banki siiponya ndalama pamalo poti mawa wina adzadzuka n'kunena kuti ndi munda wa agogo ake.

Bajeti tinalemba ndi makotesheni ochokera m'mashopu a ku Limbe, machubu odzalamo mbande, mawilibala, makeni othiririra, makasu. Tili kudikira yankho kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu m'mashopu inasintha yonse ndiye tinakatenganso makotesheni atsopano. Komanso nthawi ya nazale inali itadutsa, paja mbande zimafuna kufesedwa cha m'ma Ogasiti kapena Seputembala kuti zikhale zokonzeka mvula ikakhazikika, ndiye chaka chimenecho tinalemba zogula mbande kwa anzathu omwe anali nazo kale.

Gawo lomwe ine ndimaliona lofunika kuposa onse ndi msonkhano womwe a ku likulu anadzachititsa kwa a mfumu asanavomereze. Anatiuza kuti tisaitane a komiti okha, tiitanenso aliyense amene phirilo limamukhudza, ndiye panabwera amayi otola nkhuni, aphunzitsi, a mipingo ndi a mzikiti, alangizi a zankhalango, ngakhale anyamata ootcha makala omwe poyamba amaopa kuti mwina ndi msampha woti awagwire. Ndondomeko yomwe a banki anabwera nayo inali ya tsiku limodzi lalikulu, matenti, matisheti, atolankhani, kudzala n'kujambula. Amayi ena achikulire anaimirira n'kunena kuti "Ana anga, kudzala tinadzalapo kale kangapo m'phiri muno, koma ikafika Okutobala moto umadutsa, mbuzi zimadya, mubwerenso mudzaone ngati mudzapeze kanthu." Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali ndithu. Mnyamata wina wa makala naye anati iye sakana mitengo koma ana ake adya chani, funso lomwe palibe analiyankha bwinobwino tsiku limenelo ndipo mpaka pano limandisowetsa tulo.

Apa m'pomwe tinapempha kuti ndalama za matenti ndi matisheti zichepe, zambiri zipite kosamalira, kupalira, kulambula njira zotchinga moto ndi kubwezeretsa mbande zofa, ndipo zizibwera m'magawo osati kamodzi. Ndinkaganiza kuti akana koma mayi yemwe amatsogolera gulu la banki anati nawonso akuluakulu awo masiku ano amawafunsa kuti mitengo yapulumuka ingati, ndiye zinawakomera. Choncho mukakhala pamsonkhano wotere yankhulani, musangothokoza, anthuwa amabwera ndi kope ndipo zomwe mwanena zimakalowadi m'pangano. Panganolo tinasayinirana a gulupu ndi alangizi ali mboni, ndipo tinaumirira kuti mulembedwe dzina ndi nambala ya munthu wa ku likulu yemwe tingamuimbire zikavuta, chifukwa kudzera ku bulanchi nkhani imachedwa.

Tinadzala mu Januwale 2024, mkati mwa nyengo yodzala mitengo ya boma ija imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Mbawa, mthethe, nsungwi m'mbali mwa makwawa, vetiva m'malo otsetsereka. Kenako mvula inangodula chifukwa cha El Nino, kusintha kwa nyengo komwe kumachepetsa mvula kuno, mu Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawi imeneyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala, ndipo mbande zathu zambiri za pamtunda zinauma tikuona. Zomwe zinatsala ndi zomwe tinaziphimbira udzu patsinde n'kumazithirira mosinthana, ndipo makeni ndi chakudya cha othirirawo zinachokera pa ndalama zosamalira zija.

Lipoti timatumiza pakatha miyezi itatu iliyonse, zithunzi pa WhatsApp, malisiti onse omata m'kope ngakhale la chingwe, ndi chiwerengero cha mitengo yamoyo chomwe timawerenga limodzi ndi alangizi. Zofa tinalemba momwe zinalili osachepetsa, a banki anabwera kudzaona okha ndipo gawo lachiwiri la ndalama linatuluka, ndi lomwe tinayambira nazale yathuyathu mu Ogasiti. Pamsonkhano wounikira tinabweretsanso nkhani ya anyamata a makala, tapempha ming'oma ya njuchi kuti azipeza ndalama m'nkhalango momwemo osadula mtengo, a banki anati tilembe pempho lina lapadera ndi makotesheni ake ndipo ndi lomwe tikulemba panopa.