Matthias Mann ndi Anzake pa Kafukufuku wa Mapuloteni

Ndikamawerenga za wasayansi wotchuka, ndimayamba ndi mayina a anthu amene analemba nawo malipoti a kafukufuku, chifukwa m'pamene pamaonekera mmene ntchito inayendera. Mbiri ya a Matthias Mann, katswiri wa ku Germany pa sayansi ya proteomics, imamveka bwino ikawerengedwa mwa njira imeneyi. Proteomics ndi kafukufuku wofuna kuzindikira ndi kuwerengera mapuloteni onse opezeka m'selo pa nthawi imodzi. Majini a munthu amene amapereka malangizo opangira mapuloteni alipo pafupifupi 20,000, koma ntchito yeniyeni m'thupi, monga kugaya chakudya ndi kulimbana ndi matenda, imagwiridwa ndi mapuloteniwo, ndipo kuchuluka kwawo kumasintha selo likadwala.

A Mann anamaliza digiri ya PhD pa yunivesite ya Yale ku America mu 1988 motsogoleredwa ndi a John Fenn, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2002 chifukwa cha njira yotchedwa electrospray. Madzi okhala ndi mapuloteni amatulukira pa kasingano kokhala ndi magetsi amphamvu n'kumwazika m'timadontho ting'onoting'ono. Timadonthoto tikauma, mapuloteni amatsala osaphwanyika koma atanyamula magetsi, ndipo makina otchedwa mass spectrometer amatha kuyeza kulemera kwawo. Ali ku EMBL, labotale ya mayiko a ku Ulaya yofufuza za sayansi ya zamoyo, mumzinda wa Heidelberg ku Germany, a Mann pamodzi ndi a Matthias Wilm anachepetsa kasinganoko kwambiri, moti puloteni yochepa zedi inayamba kukwanira pa kuyezako.

Kuyambira pamenepo, asayansi amene anali ndi mafunso awoawo anayamba kubweretsa zinthu zoti ziyezedwe. Mu 1996 gulu la a Mann linathandiza kuzindikira caspase-8, puloteni imene imayambitsa imfa ya selo likalandira uthenga woti life, ndipo mu 1997 linagwira ntchito ndi gulu la a Thomas Cech pozindikira chigawo chachikulu cha telomerase, imene imatalikitsa nsonga za DNA m'selo. Mafunsowa anali a eni ake, ndipo a Mann anapereka njira yopezera mayankho. Kwa ine, mgwirizano wa mtundu umenewu ndi umene ukusonyeza kufunika kwa ntchito yawo kuposa chiwerengero cha anthu amene amatchula malipoti awo, ngakhale kuti chiwerengerocho n'chachikulu kwambiri.

Njira ya SILAC, imene anaifalitsa mu 2002 ali ku Odense m'dziko la Denmark pamodzi ndi a Shao-En Ong, imandisangalatsa chifukwa n'njosavuta kuimvetsa. Maselo a gulu limodzi amadyetsedwa ma amino acid wamba (tizigawo timene timapanga mapuloteni), pamene a gulu lina amadyetsedwa olemerako pang'ono, kenako magulu awiriwo amasakanizidwa n'kuyezedwa limodzi, ndipo puloteni iliyonse imaoneka kawiri, yopepuka ndi yolemera, moti kusiyana kwa kuchuluka kwake kumaonekera pomwepo. Koma zotsatira za makina zinkachuluka kwambiri moti munthu sakanatha kuziwerenga yekha, n'chifukwa chake mu 2008 a Jürgen Cox ndi a Mann, amene panthawiyi anali atasamukira ku Max Planck Institute of Biochemistry ku Martinsried, anatulutsa pulogalamu ya pakompyuta ya MaxQuant. Anaipereka kwaulere, ndipo ndikuganiza kuti chosankha chimenechi chinapindulitsa ma labotale ambiri kuposa lipoti lina lililonse limene analemba.

M'zaka zaposachedwa mgwirizano wawo wayandikira kuchipatala. Mu 2016, pogwira ntchito ndi a Dario Alessi a ku Dundee m'dziko la Scotland, anapeza kuti LRRK2, puloteni yokhudzana ndi matenda a Parkinson, imasintha mapuloteni a m'gulu la Rab, zimene zinapatsa ofufuza mankhwala chinthu choyeza poona ngati mankhwala akugwira. Mu 2024, pamodzi ndi a Thierry Nordmann, dokotala wa matenda a khungu, anayeza maselo odulidwa ndi kuwala kwa laser pa khungu la odwala toxic epidermal necrolysis, matenda oopsa amene khungu limasupuka chifukwa thupi lakana mankhwala. Anapeza kuti njira ya JAK/STAT, imene mapuloteni amatumizira uthenga wa chitetezo cha thupi m'kati mwa selo, inali itadzuka mopitirira muyezo, ndipo madokotala a ku China anapatsa odwala 7 mankhwala otsekereza JAK, amene analipo kale pochiza matenda ena. Onse anachira. Odwala 7 ndi ochepa, ndipo mankhwalawa afunika kuyesedwa pa anthu ambiri asanakhale chithandizo chovomerezeka cha matendawa.