Atandiuza kuti mapasa anga ndi olumikizana

Zinayambira ku sikelo ya kwathu kuno ku Thyolo. Anamwino atayeza mimba ndi tepi anati yakula kuposa miyezi imene ndinkawerengera, ndiye analemba m'buku langa lakuchipatala kuti ndikaunikidwe pa Boma. Bukulo musamalisiye, chifukwa aliyense amene mukumane naye amayamba kuliwerenga asanakufunseni kanthu.

Pounika amapaka timafuta tozizira pamimba. Mitu iwiri inaoneka msanga, koma woyezayo anachedwa. Anandigoneka chammbali, nkundiuza ndiyendeyende, nkuunikanso. Ana anali choyang'anizanabe, wina akasuntha mnzake amatsatira, ndipo panalibe kachikopa kowalekanitsa. "Mayi, izi akazionenso akuluakulu ku Gulupu," anatero pondipatsa kalata.

Ku Gulupuko, chipatala cha Queen Elizabeth, mbali ya amayi ya Chatinkha, madokotala ankafuna kudziwa pamene ana agwirana komanso ziwalo zimene akugawana. Nkhani yaikulu ndi mtima. Olumikizana pachifuwa ndiwo ochuluka, ndipo ngati mtima uli umodzi, kuwalekanitsa nthawi zambiri sikutheka. Anga anagwirana pamimba, chiwindi chogawana, koma aliyense ndi mtima wake. Pamenepo mpomwe ndinapumako.

Kumudzi kunali ntchito ina. Apongozi anayamba kufunsa za amene ndinayambana naye, ndipo ena ankanong'ona za ufiti. Ndinatenga amalume ndi bambo a kunyumba kuti akamve okha. Dokotala anafotokoza kuti ndi dzira limodzi lomwe limachedwa kugawikana, patadutsa masiku ngati 13 chitengereni pathupi, nchifukwa chake anawo amakhala onse aakazi kapena onse aamuna, ndipo aakazi ndiwo amachuluka. Amalume atamva, pakamwa pa anthu panatsekeka.

Zochira mwachibadwa madokotala anakaniratu, pakuti ana otere akhoza kukakamira panjira, chiberekero nkung'ambika. Anaika tsiku la opaleshoni matenda asanayambe, nandigoneka kusanafike tsikulo, poti kuchokera kuminda ya tiyi usiku pa kabaza sungadalire. Achemwali anga anali gadiyani. Tinanyamula zitenje, beseni, ndowa, ufa ndi makala.

Kulekanitsa sikuchitika tsiku lobadwa pokhapokha moyo uli pachiswe. Madokotala a opaleshoni ya ana a ku chipatala cha ana cha Mercy James, chomwe chinatsegulidwa mu 2017 pomwepo pa Gulupu, amadikira miyezi ingapo kuti ana akhwime. Anga anabadwa, pakadali pano ndikufinyira mkaka m'kapu, ndipo sikelo yawo amawayeza limodzi.