Dzina la mankhwala n'limodzi, koma botolo la ng'ombe si la munthu

Pa phunziro la kawerengedwe ka mlingo wa mankhwala, chitsanzo chimene chandiganizitsa kwambiri ndi cha ivermectin, mankhwala opha nyongolotsi ndi tizilombo tina m'thupi. Mankhwalawa ndi abwino ndithu. William Campbell ndi Satoshi Omura analandira nawo mphoto ya Nobel mu 2015, ndipo ku Thyolo, Mulanje ndi Mwanza anthu akhala akuwalandira pa dzina la Mectizan polimbana ndi matenda a onko, amene amayabwitsa thupi ndipo angathe kuononga maso. Pogawapo amayamba ayeza msinkhu wa munthu pa ndodo, kenako n'kumuwerengera mapiritsi. Koma mu 2021, Covid-19 itavuta, anthu ku America ndi ku South Africa anathamangira ivermectin wa ziweto, mpaka bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linachenjeza poyera. Kafukufuku wamkulu wa TOGETHER ku Brazil, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anapeza kuti mankhwalawa sathandiza pa Covid-19.

Ena amati, "Si ndi omwewo?" Yankho lili m'masamu. Munthu amapatsidwa mamaikirogalamu 150 mpaka 200 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, nthawi zambiri kamodzi kokha. Pa mlingo wa 200, wolemera makilogalamu 60 amafunika mamaikirogalamu 12,000, kapena kuti mamiligalamu 12, omwe ndi mapiritsi anayi a mamiligalamu 3. Jakisoni wa ng'ombe wa 1% ali ndi mamiligalamu 10 mu mililita imodzi, ndiye supuni yaing'ono ya tiyi, ya mamililita 5, yanyamula kale mamiligalamu 50. Chubu cha hatchi cha 1.87% cholemera magalamu 6.08 chili ndi mamiligalamu pafupifupi 114, okwanira nyama yoposa makilogalamu 500. Amene akumwa tsiku ndi tsiku kuti "adziteteze" amangounjika mankhwala m'thupi, popeza ivermectin amakhazikika m'mafuta a thupi ndipo satuluka msanga.

Chimene chimateteza munthu pa mlingo woyenera n'chakuti pa khomo la ubongo pali kapuloteni kotchedwa P-glycoprotein, kamene kamabweza mankhwalawa kuti asalowe. Akachuluka, kapuloteniko kamalephera. Zimayamba ndi nseru, kusanza ndi kutsegula m'mimba, kenako chizungulire, kuona mwachimbuuzi, kusokonezeka mutu, kuyenda dzandidzandi, kutsika kwa BP, mwinanso kukomoka. Amene ali pa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ali pa chiopsezo china chotaya magazi.

Mbali imene ambiri sayiganizira ndi ya zosungunulira. Jakisoni uja amasakanizidwa ndi propylene glycol ndi glycerol formal, ndipo wothira pamsana pa ng'ombe amakhala ndi isopropyl alcohol wambiri. Izi anaziyesa pa chikopa ndi mnofu wa nyama, osati m'mimba mwa munthu. Ndimaona kuti apa m'pamene pagona nkhani: mankhwala si dzina lokha, koma dzina, mphamvu yake, chosungunulira ndi njira yolowera m'thupi, zonse pamodzi.

Pali ena amene alibe n'komwe mlingo wa munthu. Tilmicosin, wogulitsidwa pa dzina la Micotil pochiza chibayo cha ng'ombe ndi nkhosa, amawononga mtima ndipo wapha anthu amene anadzibaya mwangozi. Alibe mankhwala ofafaniza mphamvu yake, ndipo adrenaline, amene adokotala amadalira mtima ukamafooka, angathe kuonjezera vutolo. Xylazine, wogonekera nyama, amachedwetsa kupuma ndi kugunda kwa mtima, ndipo naloxone, wothetsa mphamvu ya mankhwala monga morphine, samuthetsa. Albendazole, wa njoka za m'mimba, ali nawo mlingo wa munthu, koma wa ziweto wa madzi wa 10% ali ndi mamiligalamu 100 mu mililita imodzi, pomwe piritsi la munthu ndi la mamiligalamu 400. Kapu yaing'ono yokha ndi mlingo wa anthu ambirimbiri, ndipo saloledwa kwa mayi m'miyezi itatu yoyambirira ya pakati.

Chimene chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi dibi wa nkhupakupa, monga amitraz kapena chlorfenvinphos, akamapakidwa pa mwana chifukwa cha nsabwe kapena mphere. Khungu la mwana ndi lopyapyala, limayamwa msanga. Ngati dibiyo ndi wa gulu la organophosphate, monga chlorfenvinphos, mwana amayamba kuchucha dovu ndi thukuta, mwana wa diso amachepa, ndipo chifuwa chimadzaza madzi. Kuchipatala amamubaya atropine, choncho kuchedwa n'koopsa.

Zikachitika, musamusanzitse munthuyo, chifukwa mafuta osungunulira dibi akapita m'mapapo amaononga kwambiri. Musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira. Ngati mankhwala ali pakhungu, muvuleni zovala n'kumusambitsa ndi madzi ambiri ndi sopo, inu mutavala magolovesi kapena jumbo m'manja. Akakomoka, mugonekeni cham'mbali. Popita kuchipatala nyamulani botolo lenilenilo, ndipo mukawauze adokotala nthawi imene anamwa, kuchuluka kwake, ndi mankhwala ena amene akumwa, kuphatikizapo ma ARV kapena a BP.