Zimene ndaphunzira polemba nkhani ya hanimuni ndi mizukwa

Temu yapitayi, m'kalasi lathu la kalembedwe ka nkhani zopeka, aliyense anauzidwa kuti asankhe mtundu umodzi wa nkhani, aufufuze, kenako alembe yake. Ine ndinasankha nkhani zachikondi zokhala ndi mizimu, makamaka zonena za mwamuna ndi mkazi ongokwatirana kumene amene amapita ku hanimuni n'kukakumana ndi zoopsa zosaoneka ndi maso. Ndakhala ndikuwerenga nkhani zoterezi kuyambira ndili ku sekondale, choncho ndinkadziona ngati ndikuzidziwa bwino. Ndinalemba za banja limene linapita kunyanja ku Mangochi, ndipo usiku uliwonse linkamva mtswatswa wa munthu pamchenga ndi kugogoda pazenera. Aphunzitsi atawerenga anandifunsa kuti: "Mutachotsa mzukwawu n'kuikapo wakuba wamba, kodi chingasinthe n'chiyani pakati pa awiriwa?" Ndinasowa choyankha, pakuti panalibe chimene chikanasintha.

Funso limenelo linandibweza ku mabuku, ndipo nkhani imene inanditsegula maso ndi yakale kwambiri, ya m'buku la Tobit limene lili m'Baibulo la Akatolika. Sarah, mwana wa Raguel wa ku Ecbatana, anakwatiwapo ndi amuna 7, ndipo aliyense anaphedwa ndi chiwanda chotchedwa Asmodeus usiku wa ukwati asanakhale naye pamodzi. Tobias, mwana wa Tobit, asanamukwatire anali atamva kale mbiriyi, ndipo Raguel nayenso anamuuza zoona osabisa kanthu. Atalowa m'chipinda, Tobias anaika mtima ndi chiwindi cha nsomba pa makala a lubani monga anamulangizira mngelo Raphael, chiwanda chinathawira ku Egypt, ndipo iye anadzutsa mkazi wake kuti apemphere limodzi. Pemphero la m'mutu 8 limeneli limawerengedwa mpaka lero pa maukwati ambiri a Chikatolika. Koma chimene chinandikhudza kwambiri ndi zimene Raguel ankachita panja nthawi yomweyo: anadzuka usiku n'kukumba manda a mkamwini wake kuti akamwalira amuike anthu asanadziwe, kenako anatuma wantchito wamkazi kukasuzumira ngati mnyamatayo akadali moyo. Atamva kuti awiriwo ali mtulo, analamula kuti dzenjelo likwiriridwe kusanache. Mantha onse a nkhaniyi ali m'dzenje limenelo, ngakhale kuti wowerenga saona nkhope ya chiwandacho n'komwe.

Nditaiyerekeza ndi buku la Frankenstein, limene Mary Shelley anatulutsa mu 1818, ndinaona pamene pagona nkhani. Cholengedwa chimene Victor Frankenstein, mnyamata wophunzira sayansi, anapanga chinamuchenjeza kuti chidzakhala naye usiku wa ukwati wake. Victor sanamuuze Elizabeth, mkazi amene ankafuna kumukwatira, za cholengedwacho, anangolonjeza kuti adzaulula chinsinsi chake tsiku lotsatira ukwati, ndipo poganiza kuti wofunidwa ndi iye mwini, atafika ku Evian m'mphepete mwa nyanja ya Geneva anauza mkazi wake kuti atsogole kukagona pamene iye ankazungulira nyumba ali ndi mfuti. Kukuwa kumene anamva kunachokera kuchipinda komweko. Tobias ndi Sarah anakumana ndi choopsa onse akuchidziwa, ali m'chipinda chimodzi, pamene Elizabeth anafa yekha chifukwa cha chinthu chimene mwamuna wake anali atamubisira. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti m'nkhani zoterezi mzukwa kapena chiwanda chimagwira ntchito pokhapokha ngati chikuchokera ku chinthu chimene mmodzi wa awiriwo wabwera nacho m'banja, kaya ndi chinsinsi, ngongole ya makolo, kapena chikondi chakale chimene sichinathe bwino.

Ndinaphunziranso lamulo limene olemba nkhani zachikondi amalitsatira kwambiri, loti chikondi cha awiriwo chikhale pakati pa nkhani ndipo mapeto ake akhale opatsa chiyembekezo. N'chifukwa chake buku la Shelley limaikidwa m'gulu la nkhani zoopsa osati zachikondi. Lamuloli limapereka vuto kwa wolemba za hanimuni, popeza funso limene limakoka owerenga nthawi zambiri, loti kodi awiriwa adzakwatirana, layankhidwa kale nkhani isanayambe. Chotsala ndi funso lovuta kuposa pamenepo: kodi lumbiro la dzulo lipirira munthu akadziwa zoona za mnzake? Stephenie Meyer, m'buku lake la 2008 la Breaking Dawn, anathana ndi vutoli pochititsa kuti mkwatibwi, amene ankadziwa kale kuti mwamuna wake ndi woyamwa magazi, atenge pakati ali pachilumba china kufupi ndi Brazil, ndipo awiriwo anayamba kusiyana maganizo pa za mwanayo. Sindikonda mmene bukulo linatalikira, koma pa mfundo iyi wolembayo anaona bwino.

Chimene chinandichititsa kusinkhasinkha kwa masiku angapo n'chakuti agogo anga anali atandiphunzitsa kale zimenezi pamoto ndisanadziwe kuwerenga. Ambiri timaikumbuka nthano ya mtsikana amene ankakana amuna onse a m'mudzi, mpaka kunabwera mlendo wooneka bwino amene anamukwatira n'kupita naye kwawo, kumene usiku ankasanduka fisi. Mtsikanayo anapulumuka chifukwa cha mlongo wake wamng'ono amene anawatsatira ngakhale ankabwezedwa, ndipo ndiye anakhala maso usiku n'kumva afisi akupangana. Nthanoyi ndi hanimuni zikufanana pa chinthu chimodzi: mkwatibwi wachotsedwa pakati pa abale ake. Kwathu kuno ukwati umayenda ndi ankhoswe, ndipo banja latsopano likasemphana pamakhala anthu odziwika oti liwathamangire. Hanimuni, mwambo umene tinachita kutengera, imaika anthu awiri kutali ndi onsewo, m'chipinda chachilendo, pa masiku amene sanazolowerane ngakhale kagonedwe. Wolemba wa kuno ali ndi mwayi umene wa ku London alibe, chifukwa owerenga athu amadziwa kulemera kwa kusowa nkhoswe pafupi pamene zinthu zavuta.

Nkhani yanga ndinailembanso kuyambira pachiyambi. Malo ndi omwe aja a ku Mangochi, koma tsopano wogogoda pazenera ndi mkazi woyamba wa mkwati, amene anamwalira zaka 2 m'mbuyomo, ndipo mwamunayo anakwatiranso asanasudzulidwe ndi akuchikazi, nkhani imene sanamuuze mkazi wake watsopano kapena ankhoswe ake. Ndime imene inanditengera nthawi yaitali, pafupifupi milungu 3, ilibe mzukwa ngakhale pang'ono. Ndi ya m'bandakucha wa tsiku lachitatu, pamene mkaziyo wakhala pamphepete pa bedi foni ili m'manja, nambala ya amalume ake ili poyera, ndipo akufunsa mwamuna wake modekha kuti: "Bambo, amene akukuitanani panjapo ndi ndani?" Aphunzitsi anailandira, koma anandibwezera tsamba lomaliza kuti ndilikonzenso, chifukwa mkaziyo anakhululuka msanga kuposa mmene munthu wopusitsidwa chotero angachitire, ndipo ntchito imeneyo ndi imene ndikugwira mlungu uno.